Chumuni cha pa Tchalitchi Chathu

Ndiyambe ndaulula ndekha asanandiululire ena, chifukwa kuno ku Phalombe nkhani ya munthu imakoma kwambiri mwini wake akangochoka pabwalo. Kwa zaka zoposa makumi asanu ine ndinkakhulupirira kuti chithunzi chomwe chinali pakhoma m'nyumba mwanga chinali cha tchalitchi chachikulu cha ku Ulaya. Ndinkachivulira chipewa. Ndikamapita kukagulitsa nandolo ku Boma ndinkayamba ndaima patsogolo pake, n'kupempha kuti sikelo ya mavenda indichitire chifundo tsiku limenelo. Sichinali tchalitchi. Inali nyumba yofululiramo mowa. Sekani pano mumalize kuti zotsalazi muzimve bwino, popeza uchitsiru umenewu sindinausenze ndekha. Mpingo wonse unandithandiza, ndi njerwa zomwe.

Chithunzicho chinali cha malemu bambo anga. Anabwera nacho kuchokera ku Halale, komwe anatha zaka zambiri akuphikira mzungu wina. Anzawo ankabwerako ndi njinga, ena makina osokera, ena wailesi. Iwo anatsika basi ndi sutikesi, majekete awiri ndi chinthu chafulati chokulunga m'bulangeti. Mzungu uja pobwerera kwawo anawasiyira chimenecho ngati zikomo. Zaka zonse zija zosenda mbatatesi, zikomo yake pepala. Koma bambo anga sanaonepo chipongwe. Ankatiuza kuti bwana wawo akakhala pampando madzulo ankachiyang'ana chithunzicho mpaka maso kulengeza misozi, n'kumanena kuti ali kwawo sankaphonya kupita kumeneko sabata iliyonse, ndipo kuti mtima wake unatsala m'menemo. Nanga munthu wa ku Phalombe, wobatizidwa bwinobwino, akamva za chinyumba chomwe mzungu amapitako sabata ndi sabata n'kumachilirira ali kutali, angaganize chiyani? Bambo anga anaganiza tchalitchi. Atamwalira ine ndinalandira ganizolo pamodzi ndi jekete limodzi.

Ndikufotokozereni momwe chinalili, kuti musafulumire kundiweruza. Linali pepala lokhuthala, lachikasu ngati mano a munthu wosuta chingambwe, lili m'felemu yakuda ya galasi long'aluka pakona. Sichinali cha kamera. Chinali ngati chojambula ndi pensulo, koma mwaluso loti njerwa iliyonse inkaoneka payokha. Pakati panali chinyumba cha nsanjika zinayi, mazenera ake opindika pamwamba ngati uta, ndi chipata chachikulu choti ngolo n'kulowa osakhudza m'mbali. Pambali pa chinyumbacho panaima chinthu chachitali, chozungulira, chowonda kumutu, chikufuka utsi. Pabwalo panali ngolo zokokedwa ndi akavalo onenepa, zodzaza ndi migolo, amuna a zipewa zazitali, komanso mzimayi wa ambulera akuyenda ndi kagalu. M'munsi munali zilembo zopotanapotana ngati nthambi za maungu. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndipo Chingerezi chothamangitsira galu ndimachidziwa, koma zilembo zimenezo sizinali za Chingerezi. Mphunzitsi wamkulu wina anaziyang'anapo, magalasi ali pamphuno, n'kunena kuti ndi chinenero chakale cha ansembe. Munthu wa tayi akanena, iwe wa nkhwaira ungatsutse?

Ndiye chilichonse m'chithunzimo ndinali nditachipezera tanthauzo. Chinthu chachitali chija inali nsanja. Utsi uja unali wa lubani, kapena mapemphero enieniwo akukwera, poti azungu amapemphera ambiri nthawi imodzi. Migolo ija inali ya vinyo wa mgonero, chifukwa Akhristu a ku Ulaya sangakwanire kabotolo kamodzi ngati ife. Akavalo ananenepa chifukwa anali a mishoni. Palibe anandifunsapo funso lomwe ndinalephera kuyankha, ndipo zimenezi n'zomwe zimaononga munthu wa Sitandade 4.

Kuti mumvetse chomwe ndinachikakamirira, muyenera kudziwa za ukwati wathu. Ife kuno mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi. Munda ndi wa akuchikazi, ana ndi a akuchikazi, ngakhale mthunzi wa mango womwe unabzala wekha ndi wa akuchikazi. Ukangokweza mawu pang'ono amakukumbutsa kuti unabwera ndi bulangeti lokha. Ine ndinabwera ndi bulangeti ndi chithunzi, choncho ndinkadziona wosiyana ndi akamwini anzanga. Amene ankakonda kundikumbutsa za bulangetilo anali alamu anga, achimwene awo a akazi anga, eni mbumba komanso mkulu wa mpingo wa nthawi yaitali. Ndi munthu wa Baibulo la zipi, woti akayamba kupempherera chakudya nkhuku imayamba yazizira, ntchentche n'kudya n'kukhuta n'kutsanzika. Zaka zonsezi sanandiitanepo mwina koma "abambo obwera". Akatero ine ndinkangoloza pakhoma. Iwo kwawo pakhoma panali kalendala ya sitolo ya feteleza.

Chaka chija madzi anatsika m'phiri n'kukokolola minda ndi nyumba, tchalitchi chathu cha zidina chinagwa, n'kutsala khoma limodzi ndi mtengo womwe timakolowekapo chitsulo cha gudumu la galimoto, lomwe ndilo belu lathu. Mvula itatha tinakhala pansi pa mtengo womwewo kukambirana zomanga china cha njerwa zootcha. Abusa okhazikika tinalibe, poti omwe analipo anali atapuma ntchito ndipo atsopano anali asanatumizidwe. Alamu anajambula pulani yawo pansi ndi kamtengo: mizere inayi, khomo kutsogolo.

Ndinadzuka n'kufunsa kuti, "Alamu, chimenechi ndi tchalitchi kapena chigafa cha fodya?"

"Abambo obwera, muli ndi pulani ina?" anatero alamu.

"Ndili nayo kunyumba. Ya eni ake a Chikhristu."

Ndinakachitenga, nditachikulunga m'chitenje cha akazi anga. Nditachivundukula amayi a chigwirizano anaimba nthungululu. Chinayenda m'manja mwa anthu ngati khanda lobadwa kumene. Alamu anachiyang'ana nthawi yaitali, kufuna pochigwirira. Kenako analoza ngolo zija.

"Nanga migoloyi?"

"Vinyo wa mgonero," ndinatero. "Kumeneko Akhristu ndi ambiri ngati mbalame za mpunga."

"Ndimadziwa kale," anatero alamu. "Ndimafuna ndione ngati inu mukudziwa."

Mawu amenewo muwasunge momwe ndinawasungira ine. Anawanena pamaso pa mpingo wonse, dzuwa likuswa mtengo.

Tinaitana mmisiri wa ku Boma, bambo yemwe anamangapo magolosale angapo ndi zimbudzi za pasukulu. Iye anali wachilungamo pa chinthu chimodzi: anakaniratu zoti amange nsanjika zinayi. Anati atha kutipangira nkhope yake, mazenera opindika aja, chipata chachikulu, ndi chinthu chachitali chija ngati njerwa zikwana. Kenako anatsinzina diso limodzi, n'kuyeza chinthucho ndi chala.

"Akuluakulu, nsanja imeneyi ndi yowonda kumutu. Belu mudzakoloweka pati?"

"Azungu anakoloweka pati?" ndinamubwezera.

"Sindikuliona."

"Ndiye kuti lili m'kati. Inu mangani zomwe mukuona."

"M'kati mukhale mphako?"

"Nanga utsi ukutulukira pati?"

Mmisiri anayang'ana alamu, alamu anayang'ana kumwamba, nkhani n'kutha. Munthu wolembedwa ntchito satsutsana ndi komiti.

Masiku omwewo mpando umodzi wa ukulu wa mpingo unali wopanda munthu, mwini wake atatisiya. Anthu anayamba kunong'ona kuti ukuyenera ine, poti ndine ndinabweretsa pulani. Musandifunse ngati ndinkaufuna. Ndinkaufuna ngati mbuzi ifunira mchere. Ndinkadziona nditakhala kutsogolo, moyang'anizana ndi mpingo, pabenchi imodzi ndi alamu, phewa ndi phewa, iwo osathanso kunditchula obwera chifukwa Mulungu wandikhazika pomwe iwo akhala. Anagwirizana kuti adzasankha Loweruka loti mawa lake n'kutsegulira tchalitchi, abusa atsopano atafika.

Panali chopinga chimodzi, ndipo chinali m'khitchini mwanga. Akazi anga ankafulula masese, otheka monga ankatchulira amayi awo omwe anawaphunzitsa. Sindikuwayamikira chifukwa ndi akazi anga, koma anthu ankapalasa njinga kuchokera ku Chiwalo kudzamwa mowa wawo. Ana athu anaphunzira ndi mgolo umenewo, malata a nyumba yathu anatuluka mu mgolo umenewo. Ngakhale alamu omwewo, m'mimba mukawavuta, ankatumiza botolo kuti mlongo wawo awathiriremo "thobwa logona", ndipo m'mimba mwawo munkavuta Loweruka lililonse. Koma ndi iwo anandiitanira pambali, nkhope ili yachisoni ngati ya pamaliro.

"Nyumba ya mkulu wa mpingo siyenera kununkha chimera," anatero. "Mukafuna mpando, kalankhuleni ndi mlongo wangayo."

Ndinawapeza akazi anga akusefa. Ndinayamba ndi kutsokomola, monga amachitira akulu a mpingo.

"Mayi, ntchito iyi ithe."

"Yatha kale. Ndikungosefa."

"Ndikunena ithe yonse. Mwana wa munthu amene anabweretsa chithunzi chija sangamagone m'nyumba yofululira mowa."

Anandiyang'ana, sefa ili m'manja. Ndinayesa ayamba kukalipa, ndipo mayankho ndinali nditakonzeratu. Iwo anangofunsa kuti, "Mpandowo mukaupeza tidzaudya?"

"Munthu sakhala ndi moyo ndi chakudya chokha."

"Chabwino, bambo. Tiona."

Mawa lake anatsuka mgolo n'kuuvundikira kuseri kwa khitchini, nkhuku n'kuyamba kugona pamwamba pake. Zaka ziwiri zomanga tchalitchi pakhomo pathu sipanaphikidwe mowa. Ndiwo zinasanduka chisoso ndi nkhwani, sopo tinkamudula ndi mpeni kuti achedwe kutha, koma ine ndinkayenda m'jekete la bambo anga ngati mwini esiteti, manja kumbuyo, kuyendera ntchito.

Ntchitoyo inali yoopsa. Amayi ankatunga madzi ndi kusenza mchenga kuchokera kumtsinje, amuna tikuumba ndi kuotcha njerwa. Makoma anatha bwinobwino. Chipata chinatuluka chachikulu moti mvula ikamawomba kuchokera ku Michesi imafika mpaka pabenchi yachisanu. Koma nsanja ija inadya uvuni wathunthu n'kupempha wina. Inkakwera, ikuwonda, mmisiri ali pamwamba pa milimo ya bulugamu akutukwana chapansipansi. Ikamakwera, nanenso khosi linkatalika.

Machenjezo analipo, ndisaname. Woyendetsa minibasi wina anaima pamsewu n'kufunsa ngati tikumanga chigayo. Ndinamuuza kuti akadziwa kusiyanitsa anthu ndi matumba a chimanga m'galimoto mwakemo, adzabwere tidzakambe za zomangamanga. Ndiye panali bambo wina wa mumpingo mwathu momwemo, wofatsa, yemwe anagwirapo ntchito kufakitale ya tiyi ku Mulanje. Tsiku lina ataika njerwa pansi ananena motsitsa mawu kuti chinthuchi chikufanana ndi chumuni cha komwe ankaumitsira tiyi. Alamu anamudzudzula pomwepo. Anati munthu amene maso ake anazolowera za dziko amaona za dziko ngakhale m'nyumba ya Mulungu. Anthu anavomera ndi "ameni". Bambo uja anatola njerwa zake n'kupitiriza ntchito. Ine ndinaseka kwambiri tsiku limenelo, mpaka kugwira m'nthiti.

Abusa atsopano anafika Loweruka m'mawa pa njinga yamoto. Anali bambo wa zaka zapakati, wophunzira, woti anakhalapo kunja. Atatsika anavula chipewa chachitsulo cha panjingapo, n'kuyang'ana nsanja kuyambira pansi mpaka pamwamba, kenako kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Nsanja yachilendo," anatero.

Ine ndinamva ngati andiveka mendulo.

Masana tinawalandira m'kachipinda ka akulu a mpingo kuseri kwa guwa. Munali akulu onse, mmisiri, amayi awiri operekera mpunga ndi nkhuku, ndi ine woyembekezera mpando. Chithunzi ndinali nditachipereka kumpingo, chili pakhoma pamwamba pa mutu wa abusa, galasi nditalipukuta ndi mafuta ophikira. Alamu atamaliza pemphero, ndinaona kuti nthawi yanga yakwana.

"Abusa, tatembenukani muone komwe tinatenga pulani."

Anatembenuka. Anadzuka, n'kuyandikira. Anakhala chiimire kanthawi, ndipo ndinaona khutu lawo likugwedera ngati la munthu amene akumeza chinthu chotentha.

"N'chakale ndithu," anatero. "Tiyeni tidye, akuluakulu, chakudya chizizira."

Munthu wanzeru akanamva. Abusa anali atanditsegulira khomo loti ndithawirepo ndi ulemu wanga. Koma safunsa anadya phula, ndipo wofunsitsa naye amadya lake.

"Ayi abusa, tiwerengereni zilembozo. Kuno tilibe wodziwa chinenero cha ansembe. Mpingo umve dzina la tchalitchi chomwe tatengera."

"Bambo, tidzakambirana awiri."

"Za Mulungu sizikambidwa m'tchire. Werengani, alamu angawa amve nawo."

Abusa anapuma mozama. Anatulutsa foni, n'kujambula zilembo zija, ati kuti atsimikize, ngakhale ndikukhulupirira kuti anali atadziwa kale pongoona ngolo. Anayang'ana pafoni, n'kuyang'ana ine, mwaulemu womwe dokotala amayang'anira munthu asanamuuze zoipa.

"Zilembozi ndi za Chijeremani. Apa alemba dzina la kampani ndi la mzinda. Mawu aakuluwa akutanthauza nyumba yofululira mowa."

Mayi mmodzi anali atanyamula chipande cha mpunga, chinangoima m'malere.

"Nanga nsanjayo?" anafunsa mmisiri, ngati sakudziwa.

"Ndi chumuni. Pansi pake ndi pomwe ankasonkha moto wowiritsira mowawo."

"Migoloyo?" anatero wina.

Abusa anangoloza mawu aakulu aja. Panalibe chifukwa chofotokozera.

Pofuna kundipepesa, anayamba kufotokoza kuti chithunzicho si chinthu wamba. Anati kale, makamera asanachuluke, eni mafakitale a ku Ulaya ankalemba ntchito akatswiri kuti awajambulire nyumba zawo. Katswiriyo ankajambula pamwala wosalala ndi cholembera chamafuta, n'kunyowetsa mwalawo, n'kupaka inki yomwe inkangomata mojambulidwa muja, kenako n'kudindapo mapepala ambirimbiri. Mapepalawo ankawagawa kuti akapachikidwe m'masitolo ndi m'malo omwera, anthu adziwe kuti kampaniyo ndi yaikulu. Anatsegula foni n'kutionetsa zina zotero, akupukusa ndi chala: yofululira mowa ina, yoombera nsalu, yopangira shuga, yosungunulira zitsulo. Zonse zinali ngati ana a mayi mmodzi. Mazenera opindika omwewo, akavalo onenepa omwewo, mzimayi wa ambulera yemweyo ngati ankalipidwa kuti azingoyenda kuchoka fakitale ina kupita ina. Ndipo zonse zikufuka utsi, ina machumuni asanu, ina khumi. Abusa anati utsiwo ankauchulutsa dala, chifukwa masiku amenewo utsi wambiri unkasonyeza kuti malonda akuyenda. Anatinso ojambulawo ankachepetsa anthu ndi akavalo kuti nyumba ioneke yaikulu kuposa momwe inalili, ndipo kuti lero kuli anthu olemera omwe amasakasaka mapepala amenewa n'kumawasunga ngati chuma.

Iwo ankayesa akundithira mafuta pabala, koma ine mkwiyo unangosamukira kwina. Taganizani. Ife tili ndi Michesi mbali iyi, Mulanje mbali iyo, miyala yokhayokha kuyambira ku Fort Lister mpaka kumitambo, ndipo chomwe tinaganiza kuchita nayo ndi kuperapo mawere ndi kuchapirapo zovala. Anzathu anatenga mwala n'kuuphunzitsa kunama. Munthu kujambula malo a mowa osaikapo chidakwa ngakhale chimodzi? Ine malo a mowa ndimawadziwa, ndagona nawo nyumba imodzi zaka zambiri. Payenera kukhala wina atagona m'ngalande, nsapato imodzi itasowa. Payenera kukhala mzimayi, osati wa ambulera, koma wa chitenje chomanga m'chiuno, atabwera kudzakoka mwamuna wake. Payenera kukhala awiri akukanganirana malire a munda wa agogo awo. Akanangojambulapo mmodzi yekha wotero, ine ndi Sitandade 4 yangayo ndikanazindikira tsiku loyamba. Koma iwo anaveka mowa jekete ndi tayi, n'kuupatsa mazenera a tchalitchi, ndiye wolakwa akhale ine? Ndipo olemera amene akusunga mapepalawo lero, akusunga chiyani? Chithunzi cha utsi. Ife utsi timauthawa m'khitchini, maso akuyabwa, iwo amauika m'galasi.

Zonsezi ndinaziganiza mumtima.

Woyamba kupeza mawu anali alamu. Anapukuta m'manja, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ine migolo ija inandikayikitsa kuyambira pachiyambi," anatero.

"Inenso," anatero mkulu wina, yemwe anapereka mitengo ya milimo.

"Ine ndinangoti ndisakhumudwitse anthu," anatero wachitatu, yemwe pa tsiku loyala maziko analira ndi chimwemwe mpaka kumugwirira.

M'mphindi zochepa zinapezeka kuti m'chipinda monsemo munalibe amene anakhulupirirapo. Zaka ziwiri anthu anasenza njerwa akukayika, kuimba nthungululu akukayika, kudzudzula bambo wa ku tiyi uja akukayika. Sindinaonepo mpingo wa anthu ochenjera chonchi.

"Alamu," ndinatero, "paja munati mumadziwa kale kuti ndi vinyo wa mgonero. Mumangofuna muone ngati ine ndikudziwa."

"Ndinkakuyesani."

"Mwandiyesa ndi mauvuni awiri a njerwa?"

Mmisiri anaseka mpaka mpunga kumutsamwa. Ndi yekhayo amene ndinamukhululukira, chifukwa iye anafunsako za belu.

Kenako inabuka nkhani yogwetsa. Alamu ankafuna chumunicho chigwe usiku womwewo, alendo a mawa asanachione. Mmisiri anati chikagwa chigwera padenga, ndipo iye sakhalapo. Abusa anawaletsa. Anati njerwa sizimwa mowa, ndipo nyumba imakhala ya amene akuitanidwa m'katimo. Analamula kuti mmisiri atseke pamwamba pake ndi simenti kuti mvula isamalowe, n'kuikapo mtanda. Mpaka lero chilipo. Belu tikuimbabe chitsulo chija cha pamtengo. Akabaza malo amenewo anawatcha pa Chumuni, ndipo mukakwera njinga ku Boma n'kutchula dzina lenileni la mpingo wathu, adzakufunsani kawiri.

Za mpando sanachedwe nazo. Anandipempha ndidikire panja. Ndinaima m'chipata chachikulu chija, choti ngolo ya migolo n'kulowa osakhudza m'mbali, ndikumva mawu awo ngati njuchi m'mphako. Atatuluka, alamu anabwera ndi chithunzi chili m'manja, atachigwira ndi nsonga za zala ngati thewera la mwana wa eni.

"Abambo obwera, katundu wanu uyu. Za mpando zija, akulu aona kuti mudikire kaye."

"Ndidikire mpaka liti? Ndili ndi mano anayi."

"Mulungu ali ndi nthawi yake."

Anasankha bambo wa ku tiyi uja. Alamu ndi amene anamutchula, ati ndi munthu wa maso auzimu.

Ndinabwerera wapansi, chithunzi chili m'khwapa, nkhope yake nditaitembenuzira kunthiti. Nkhani inali itandipitirira kale panjira. Pa mjigo amayi anasiya kupopa. Bambo wina yemwe kale ankamwa kwathu anandivulira chipewa n'kufunsa ngati mawa kutchalitchi abwere ndi Baibulo kapena chipanda. Ndinamuyankha kuti abwere ndi mkazi wa mnzake yemwe amayenda naye, adzalape, koma mawuwo analibe mphamvu. Munthu wonyamula nyumba ya mowa m'khwapa sangalalikire.

Ndinafika dzuwa litalowa. Chithunzi ndinachitsamiritsa kukhoma pakhonde, poti msomali wake ndinali nditauzula tsiku lomwe ndinachipereka kumpingo. Akazi anga sanandifunse kanthu. Anandipatsa madzi osamba, tinadya, iwo akukamba za mbuzi ya aneba yomwe inalowa m'dimba. Ndinkadikira chitonzo, ndipo kuchedwa kwake kunkandipweteka kuposa chitonzocho.

"Mayi, mpando uja sanandipatse," ndinatero pomaliza.

"Ndamva."

"Chithunzi chija akuti ndi cha nyumba ya mowa."

"Ndamvanso."

Anadzuka, n'kutenga tochi, n'kundiuza kuti ndiwatsatire kukhitchini ndikawagwirire. Pakona panali masaka onyowa oyalidwa pansi. Anavundukula limodzi. Pansi pake panali chimanga chitatupa, chitatulutsa timizu toyera, fungo lake lija lomwe linasowa pakhomo zaka ziwiri. Mgolo unali utachoka kuseri, uli chiimire pafupi ndi mafuwa, wotsukidwa. Ine za kufulula sindidziwa zambiri, koma ndikudziwa kuti chimanga sichimera tsiku limodzi.

"Chimera ichi mwaviika liti?" ndinafunsa.

"Lachitatu, nditangomva kuti abusa akubwerawo ndi odziwa kuwerenga," anatero akazi anga. "Inu mumayesa migolo ine sindiidziwa? Kwezani tochiyo. Ndipo mawa mukachoka kotsegulira chumuni chanucho, muvule jekete, mukanditemere nkhuni."